Anapiye opanda make ndi khola limene tinawamangira ku Matawale

Kumudzi kwathu, cha kufupi ndi Jali, sindikumbukira tsiku limene munthu wamkulu anakhalapo pansi kuti aganizire za kaleredwe ka anapiye, chifukwa ntchito imeneyo inali ndi mwini wake, amene ndi thadzi. Linkafungatira mazira ake masiku 21 pakona ya khitchini, ndipo likaswa linkatuluka ndi ana ake pabwalo n'kuyamba kuwachitira zonse: kuwafunditsa ndi mapiko kukazizira, kuwapalasira padzala, kuwaitana likapeza chiswe, ndi kuwachenjeza mphamba akamazungulira m'mwamba kuti athawire pansi pa nkhokwe. Ife ana mbali yathu inali kuwaza madeya m'mawa ndi kutseka khola madzulo. Ngakhale zinali choncho, pa anapiye 10 amene thadzi laswa, ofika pokhala misoti ndi atambala ankakhala atatu kapena anayi, ndipo palibe amene ankadabwa nazo, popeza tinkati ndi mmene nkhuku zimakhalira.

Nditakhazikika mumzinda wa Zomba, pa puloti yathu yaing'ono ku Matawale, ine ndi mayi a kunyumba tinagwirizana zoweta nkhuku zochepa kuti ana azidya mazira osachita kugula, komanso kuti mlendo akabwera tisamathamangire kumsika. Koma m'tauni nkhuku sungaisiye kuti iziyenda mmene ikufunira. Mnzako woyandikana naye ali ndi kadimba kake ka mpiru ndi tomato, agalu amangoyendayenda, galimoto ndi njinga zamoto zimadutsa pafupi, ndipo nkhuku yotuluka pageti masana nthawi zambiri sibwerera. Tinalibenso thadzi loti litiswere, choncho njira imene inatsala inali kugula anapiye a tsiku limodzi, oswedwa ndi makina. Nditawafotokozera amayi anga ganizoli, anandiyang'ana kwa kanthawi n'kunena kuti, "Mwanawe, anapiye opanda make ndi ana amasiye. Ukawatenga, make ndiwe." Mawuwo ndinangowamva monga mmene timamvera zonena za akuluakulu, koma sipanathe milungu itatu ndisanaone tanthauzo lake.

Ndinagula anapiye 15 m'mwezi wa Juni ndisanamange kalikonse, poganiza kuti khola ndidzamanga iwo akamakula. Ndinawaika m'katoni yaikulu pakona ya khitchini, pamodzi ndi mbale ya madzi ndi ina ya madeya. Amene anakhalako ku Zomba m'miyezi ya Juni ndi Julayi akudziwa kuzizira kumene kumatsika m'phiri usiku, makamaka kukachita chiperoni, nkhungu n'kuphimba phiri lonse masiku awiri kapena atatu. Anapiyewo ankaunjikana pakona ya katoni pofuna kutenthetsana, ndipo m'mawa uliwonse ndinkapeza mmodzi kapena awiri apansi atafa chifukwa chopsinjidwa ndi anzawo. Ena ankalowa m'mbale ya madzi, n'kunyowa, n'kuzizidwa. Pofika mlungu wachitatu anatsala anayi okha. Zinandipweteka kwambiri, chifukwa ndinadziwa kuti anafera m'manja mwanga pa zinthu zimene zinali zotheka kuzipewa, ndipo mwana wanga wamkazi, amene ankawawerenga m'mawa uliwonse asanapite kusukulu, anangoleka kuwawerenga osanena kanthu.

Ndinakhala chaka chathunthu osagulanso mwanapiye, ndipo m'nthawi imeneyo ndinkaonetsetsa mmene kuseri kwa nyumba yathu kumakhalira nyengo ndi nyengo. Choyamba chimene ndinafuna kudziwa ndi kumene madzi amadutsa. Zomba ndi dera la mvula yambiri, ndipo mzindawu uli m'munsi mwa phiri, kotero mvula ikagwa mwamphamvu pakati pa Disembala ndi Malichi madzi amabwera ndi liwiro n'kudzilambulira okha njira m'mapuloti mwa anthu. Malo amene ndinkawaganizira poyamba, pakona ya mpanda pamene pali mthunzi wabwino, ndi pomwe madzi ankaima masiku awiri mvula itasiya. Namondwe wa Freddy, amene anasautsa chigawo cha kummwera mu Malichi 2023, anandichotsera kukayika konse, pakuti pakonapo panasanduka dziwe. Ndikanamanga pamenepo, nkhuku zikanakhala pachinyontho dzinja lonse, ndipo chinyontho ndicho chimachulukitsa tizilombo ta matenda otsegula m'mimba mwa magazi, amene amatha anapiye. Ndinasankha malo okwererapo, moyang'anizana ndi zenera la chipinda chathu chogona, kuti phokoso lililonse la usiku ndizilimva.

Amene anandimangira ndi mmisiri wachikulire wa ku Chinamwali, munthu woti wamanga nyumba zambiri koma makola a nkhuku ochepa, ndipo tsiku loyamba lonse linatha tikutsutsana. Iwo ankafuna kukweza njerwa mpaka kudenga mbali zonse zinayi ndi kusiya kazenera kamodzi. "Achimwene," anatero, "inu mukuganiza za mpweya, ine ndikuganiza za akuba. Khola la waya ndi golosale yosatseka." Nkhawa yawo inali yomveka, pakuti kubedwa kwa nkhuku si nkhani yachilendo kuno. Koma nkhuku zimachita zitosi zambiri, ndipo zitosi zikaunjikana m'chipinda chosapita mphepo zimatulutsa mpweya woluma m'maso, umene umavulaza maso ndi njira zopumira za nkhuku, makamaka chifukwa mitu yawo ili pafupi ndi pansi pamene mpweyawo ukuchokera. Palinso kutentha kwa mu Okutobala, kumene pansi pa malata kumatha kupha nkhuku zazikulu zomwe, popeza nkhuku situluka thukuta. Imangoyasama ndi kutambasula mapiko, ndipo ngati mphepo sikudutsa ilibe pothawira.

Pomaliza tinamvana chotere. Kholalo ndi la mamita 3 m'litali ndi mamita 2 m'lifupi, ndipo litali lake tinaligoneka kuchokera kum'mawa kupita kumadzulo. Makoma aafupi a kum'mawa ndi kumadzulo tinawakweza ndi njerwa zootcha mpaka kudenga, kuti atchinge dzuwa la m'mawa ndi la madzulo limene limalowa cham'mbali. Makoma aatali a kumpoto ndi kummwera analekeza m'chiuno mwa munthu, ndipo kuchokera pamenepo tinaika waya, kumbuyo kwake n'kudutsitsa zitsulo zonga zotchingira mawindo, zimene zinakhazika mtima wa amisiri pansi. Ubwino wa kagonekedwe kameneka ndinauona m'nyengo yozizira: dzuwa la mu Juni ndi Julayi limapendekera kumpoto, choncho limalowa m'khola n'kuumitsa pansi, pamene mphepo ya mwera imachokera mbali ya kummwera, kumene ndinapachikako nsalu ya matumba osokedwa pamodzi yoti ndizitsitsa madzulo ndi kukweza m'mawa. Pansi tinakweza ndi dothi ndi zidutswa za njerwa n'kuthira simenti, kuti makoswe asaboole ndiponso kuti pazitsukika. Malata tinawatulutsa kunja theka la mita mbali zonse chifukwa cha mvula yobwera ndi mphepo. Chimene ndinaumirira kwambiri ndi kutalika: ndinafuna kuti ndizilowamo choimirira, chifukwa khola lolowa chokwawa munthu amachita nalo ulesi kusesa, ndipo khola losasesedwa ndiye mudzi wa utitiri. Pa malo a kukula kotere nkhuku zazikulu pafupifupi 20 zimakhala mosapanikizana, powerengera zitatu kapena zinayi pa sikweya mita imodzi.

Bwalo lake la masana tinalimanga kumpoto kwa khola, mamita 5 m'litali ndi mamita 3 m'lifupi, ndi mapolo a bulugamu amene matsinde ake tinawawaula pamoto ndi kuwapaka oyilo wakuda wa galimoto poopa chiswe. Pa nkhani ya waya ndi pamene ambiri timanyengeka ndi mtengo. Waya wa nkhuku wa maso akuluakulu ndi wotchipa, koma ntchito yake ndi kuletsa nkhuku yaikulu kutuluka basi. Mwanapiye amadutsa, khoswe amadutsa, njoka imadutsa, ndipo likongwe, amene thupi lake ndi lowonda ngati dzanja la mwana, amalowa ngati pakhomo pake. Ndinagula waya wa maso ang'onoang'ono wokwanira kuzungulira m'munsi monse mpaka m'chiuno, wotchipa uja n'kupita pamwamba. M'munsimo tinakumba ngalande yakuya masentimita 30, n'kukwirira wayayo titaupinda kuloza kunja, kuti galu kapena chilombo china chikamakumba m'mbali mwa mpanda chizikumana nawo. Pamwamba pa bwalo lonse tinayala waya wina, chifukwa mphamba ndi khwangwala mpanda sauona ngati kanthu. Pakona imodzi, pansi pa denga, ndinasiya malo ouma a mchenga wosakaniza ndi phulusa, pamene nkhuku zimasambapo fumbi pochotsa nsabwe ndi utitiri.

Choyala pansi sichinandivute kupeza. Mpunga wa m'madambo a nyanja ya Chilwa ukapunthidwa, mankhusu ake amaunjikana kuzigayo, ndipo amamwa chinyontho bwino. Makalipentala a mumzinda muno, amene ambiri amagwiritsa ntchito matabwa a paini, amakhalanso ndi zopala za matabwa. Zopalazo ndi zabwino kuposa utuchi wosalala ngati ufa, umene anapiye amautola poyesa chakudya n'kutsekeka nawo m'mimba. Ndimayala mokhuthala ngati zala zinayi, ndimatakasa masiku angapo alionse, ndipo pamene panyowa, makamaka pozungulira chomwera, ndimachotsa tsiku lomwelo.

Khola litatha ndi kuuma, mu Ogasiti, ndinatenga anapiye 25 a mtundu wa Mikolongwe kwa mayi wina amene ali ndi makina oswera mazira. Nkhuku zakuda zimenezi dzina lake lenileni ndi Black Australorp, ndipo kwawo ndi ku Australia. Ife timazitcha za Mikolongwe chifukwa cha malo a boma a zaziweto a ku Mikolongwe m'boma la Chiradzulu, kumene zakhala zikuchulukitsidwa kuyambira m'zaka za m'ma 1950 kuti atambala ake azikwera nkhuku zachikuda m'midzi. Ndinazisankha chifukwa zili pakatikati: zimaikira mazira ambiri kuposa zachikuda, zili ndi nyama yokwanira, ndipo sizilira chisamaliro chapamwamba ngati nkhuku zoyera za nyama zimene zimakhwima m'milungu 6. Chinthu chimodzi chokhudza Mikolongwe chinandiphunzitsa zambiri: mwa nthawi zonse, malo a bomawa amagulitsa nkhukuzi kwa alimi zitakwanitsa milungu 6, osati zongoswedwa kumene. Amadziwa kuti milungu yoyambayo ndi imene imafuna thadzi, ndipo ine, potenga a tsiku limodzi, ndinali kusenza gawo lovuta lomwelo.

Mwanapiye wongoswedwa kumene sangathe kusunga yekha kutentha kwa thupi lake, popeza alibe nthenga zenizeni koma ubweya chabe. Mlungu woyamba amafuna kutentha kwa madigiri 32 mpaka 35 pamalo pamene waima, ndipo pambuyo pake kumatsitsidwa ndi madigiri pafupifupi 3 mlungu uliwonse mpaka nthenga zitamera. M'kati mwa khola ndinamanga kampanda kozungulira ka makatoni olimba, kofika m'mawondo, kopanda ngodya ngakhale imodzi, pokumbukira aja anafera pakona ya katoni. Pakati ndinapachika babu lotentha, koma sindinalidalire lokha, chifukwa magetsi amatha kuzima pakati pa usiku. Choncho ndinakonzeratu mphika wadothi wobooledwa m'mbali, wokhazikidwa pa njerwa, woti ndiziikamo makala. Makalawo ndimayatsira panja pa mbaula mpaka utsi wonse utatha ndipo afiira, kenako n'kuwalowetsa, ndipo ngakhale kuzizire chotani ndimasiya mpata pamwamba pa nsalu ya matumba ija. Makala oyaka m'chipinda chotsekeratu amatulutsa mpweya wosaoneka ndiponso wosanunkha umene umapha anthu amene, nanji anapiye.

Choyezera kutentha ndinali nacho, koma anapiye eni ake ndi amene amanena zoona. Akaunjikana pansi pa babu akulira mokweza mosalekeza, ndiye kuti azizidwa. Akathawira m'mphepete mwa kampanda atayasama, kwawatenthera. Akakundikana mbali imodzi, pali mphepo imene ikulowa penapake. Koma akabalalika ponseponse, ena akudya, ena akumwa, ena atagona chammimba makosi atatambasula, akungolira motsitsa ngati akunong'onezana, zonse zili bwino. Milungu iwiri yoyamba ndinkadzuka kawiri usiku uliwonse, cha m'ma 11 koloko ndi cha m'ma 3 koloko m'bandakucha, ndipo ndinafika poti ndikangoima pazenera la kuchipinda ndinkadziwa mwa kalilidwe kawo ngati makala azilala.

Tsiku lofika, ndisanawapatse chakudya, ndinawamwetsa madzi ofunda pang'ono othira kashuga, chifukwa anali atayenda ulendo. Ndinatenga mmodzimmodzi n'kuviika nsonga ya mlomo wake m'madzi, kuti adziwe kumene kuli madzi, ndipo m'chomweramo ndinaikamo timiyala kuti asalowemo ndi thupi lonse. Chakudya ndinachiwaza pa mapepala oyalidwa pamwamba pa mankhusu, n'kumagogoda papepalapo ndi chala monga mmene thadzi limagogodera pansi ndi mlomo. Anathamangira pachalapo onse. Mwana wanga uja, amene poyamba ankangoonera patali, anagwada pambali panga n'kundifunsa kuti, "Adadi, ndigogodeko?" Kuyambira tsiku limenelo ntchito ya m'mawa inakhala yake. Madzulo tinkagwira angapo n'kukhudza pansi pa khosi kuti timve ngati chithokomiro chadzaza, ndipo amene zitosi zamuumira kumbuyo tinkamupukuta ndi kansalu konyowetsa m'madzi ofunda, chifukwa zikatsekeratu mwanapiye amafa.

Pa chakudya ndinalakwitsa kwambiri ulendo woyamba uja, ndipo ndikuona anzanga ambiri akulakwitsa chimodzimodzi. Madeya okha sangakuze mwanapiye wotsekeredwa. Wa kumudzi amadya madeya, inde, koma tsiku lonse make amamupezera chiswe, ziwala, nyongolotsi ndi timasamba, ndipo zomanga thupi zimachokera kumeneko. Wa m'khola amangodya chimene wapatsidwa. N'chifukwa chake milungu 6 mpaka 8 yoyamba ndinalimba mtima n'kugula chakudya cha kusitolo cha anapiye chotchedwa starter, chimene zomanga thupi zake zimakhala pafupifupi magawo 20 pa 100 alionse. Mtengo wake ndi wowawa, koma mwanapiye wamng'ono sadya zambiri, ndipo amene wapinimbira pa msinkhu umenewu sabwereranso mwakale. Atakula ndinayamba kusakaniza ndekha chimanga chogaya, madeya, soya ndi fumbi la matemba limene amayi ogulitsa nsomba mumsika wa Zomba amasesa pansi pa madengu, ndi kamchere pang'ono. Soya ayenera kukazingidwa asanagayidwe, chifukwa wosakazinga ali ndi zinthu zimene zimalepheretsa thupi kugaya bwino chakudya. Chimanga chowola kapena chochita nkhungu, chimene anthu ambiri amati n'cha nkhuku, ine sindipatsa nkhuku zanga, pakuti chuku chimawononga chiwindi. Masamba a bonongwe, chisoso ndi zotsala za kabichi ndimazimanga pachingwe n'kuzilendewetsa m'bwalo, kuti zisapondedwe ndiponso kuti nkhuku zikhale ndi chojompha m'malo mojomphana zokhazokha.

Koma khola labwino ndi chakudya chabwino sizingaimitse chitopa. Aliyense wokulira kumudzi anaonapo chaka chimene nkhuku za mudzi wonse zinatha m'mlungu umodzi, kawirikawiri m'miyezi yotentha mvula isanagwe: nkhuku imazyolika, mapiko n'kugwa ngati yavala jekete, imatsegula m'mimba zobiriwira, imapuma movutikira, ndipo ina khosi limapotoka. Madokotala a ziweto amatcha matendawa Newcastle, potengera mzinda wa ku England kumene anaonekera m'zaka za m'ma 1920. Amayamba ndi kachilombo ka vayirasi, ndipo akalowa alibe mankhwala. Amayi anga amakhulupirira tsabola ndi alovera zothira m'madzi akumwa, ndipo sindikangana nawo mwamwano, koma ndinawakumbutsa mwaulemu kuti zaka zonse zimene tinkathira tsabola nkhuku zinkathabe. Chodalirika ndi katemera. Alangizi a ziweto a m'dera lathu anandiuza za katemera wa I-2, amene amapangidwa ku labotale yaikulu ya zaziweto ku Lilongwe, ndipo chiyambi chake ndi kafukufuku wa ku Australia, komwenso kunachokera nkhuku zanga. Amadontheza dontho limodzi m'diso la nkhuku iliyonse, yaing'ono kapena yaikulu, ndipo amabwereza miyezi 4 iliyonse. Ubwino wake ndi wakuti amapirira kutentha kuposa akatemera ena, ngakhale kuti sayenera kusiyidwa padzuwa. Amene amayenda naye m'midzi amamukulunga m'kansalu konyowa. Botolo limodzi limakwanira nkhuku zambiri kuposa zanga, choncho tinagwirizana mabanja asanu oyandikana kuti tizitemera tsiku limodzi, zimene zimathandizanso chifukwa chitopa cha kwa mnzako ndi chako chomwe.

Anapiye atakwanitsa milungu iwiri ndinawapatsanso katemera wa matenda ena a anapiye otchedwa Gumboro, wothira m'madzi akumwa, nditawamana madzi kwa ola limodzi kapena awiri kuti onse amwe msanga. Katemera aliyense amaperekedwa kwa nkhuku zathanzi. Yodwala kale saichiritsa.

Akuluakulu anati nkhuku yoweta sagula pamsika, ndipo ngakhale mwambiwu amaunena polangiza ofuna banja, kwa woweta nkhuku ndi woona monga mmene ulili. Nthawi ya chitopa anthu amathamangira kugulitsa nkhuku zawo zisanafe, ndipo matenda amayenda m'madengu a panjinga kuchokera msika wina kupita wina. Chiyeso changa chinabwera kudzera mwa malume anga, amene atamva kuti ndamanga khola anabwera ndi tambala wofiira wamkulu, mphatso yochokera pansi pa mtima. Anafuna kumuponya okha m'bwalo kuti aone mmene alowere. Ndinagwira chitseko n'kunena kuti, "Malume, ndathokoza kwambiri, koma ndiloleni ayambe wagona kwina milungu iwiri, kenako adzalowa." Nkhope yawo inasintha. "Ndiye kuti nkhuku yanga ndi yodwala?" anafunsa. Ndinawafotokozera kuti nkhuku imatha kunyamula matenda ikuoneka yathanzi, ndipo kuti lamulo limeneli ndi la nkhuku iliyonse yochokera kunja, ngakhale ya amayi anga. Anadya nsima osayankhula zambiri, ndipo zinandiwawa kukhumudwitsa munthu amene anandilera. Tambalayo anakhala m'kakhola kapadera kutsogolo kwa nyumba, anatemeredwa, anathiridwa mankhwala a nsabwe zimene ndinamupeza nazo pansi pa mapiko, ndipo milungu iwiri itatha analowa. Malume atabweranso anamupeza akulira pamtanda, ndipo nkhani ija sinatchulidwenso.

Pa mlungu wachisanu nthenga zinali zitamera thupi lonse, moto ndinali nditausiya, ndipo ndinachotsa kampanda ka makatoni. Pa anapiye 25 aja anatsala 23. Mmodzi anafika ali wofooka kale n'kufa tsiku lachitatu, wina anapanikizika kumbuyo kwa chodyera. Tsiku lotsegula kakhomo kopita kubwalo anaima pakhomopo nthawi yaitali akusuzumira, mpaka mmodzi analumpha, ena onse n'kutsatira. Masana omwewo mphamba anadutsa chapansipansi, chithunzithunzi chake n'kugwera m'bwalo, ndipo anapiye amene sanamvepo chenjezo la thadzi chibadwire anathawira m'khola onse nthawi imodzi, ena n'kudzipanikiza pansi osagwedezeka. Ndinaima pamenepo ndikudabwa kuti mantha amenewo anabadwa nawo. Chimene sanabadwe nacho ndi kudziwa kogona: madzulo anayi otsatizana ndinkawapeza ataunjikana pakona ya bwalo, n'kumawanyamula awiriawiri kuwakhazika pa mitanda ya nsungwi imene ndinaipingasa m'khola, yotsika poyamba, kenako yokwererapo. Tsiku lachisanu analowa okha.

Zenera la kuchipinda lija linagwira ntchito yake mu Disembala, mvula yoyamba itagwa. Cha pakati pa usiku ndinamva nkhuku zikukupiza mapiko ndi kulira mosiyana ndi masiku onse. Nditafika ndi tochi ndinapeza linthumbu litadutsa pansi pa chitseko, mzere wake wokhuthala ngati chingwe, lina litakwera kale pamitanda. Waya wa maso ang'onoang'ono, simenti ndi zitsulo za amisiri zonse zinalibe ntchito pa mdani ameneyu. Ndinadzutsa mayi a kunyumba, tinatulutsa nkhuku zonse kuziika m'khitchini, tikuzichotsa linthumbu m'miyendo ndi kumaso ilo likutiluma ifenso, kenako tinathira phulusa lamoto pamzere wake ndi kuzungulira khola lonse. Msoti umodzi umene unagwa pansi usiku umenewo sunapulumuke. Kuyambira pamenepo phulusa la pambaula silitayidwanso kudzala. Limathiridwa mozungulira maziko a khola, ndipo udzu wa m'mbali mwake ndimaulambula nthawi zonse.

Atambala anali 11, ndipo atayamba kumenyana ndi kulira m'bandakucha ndinawachepetsa msanga poganizira tulo ta anzathu oyandikana nawo: ena tinadya pa Khirisimasi, ena tinagulitsa n'kugulira chakudya cha otsala. Tambala mmodzi amakwanira mathadzi 10, ndipo amene anatsala ndi wa malume uja. Ndinakhoma mabokosi atatu oikiramo mazira mbali yamdima ya khola, lililonse masentimita 30 mbali zonse, n'kuyalamo udzu wouma, ndipo m'chakudya ndinayamba kuonjezeramo zigoba za mazira zowamba ndi kusinja kuti mazira adzakhale olimba chigoba. Dzira loyamba linabwera mu Febuluwale, misoti ili ndi miyezi 6. Linali laling'ono, lofiirira, ndipo analipeza ndi mwana wanga, amene analowa nalo m'nyumba atalifumbata ndi manja awiri lidakali lofunda.

Amayi anabwera kudzationa mvula itatha, atanyamula thadzi lachikuda la mawangamawanga m'dengu. Sanadikire kuti ndiwauze, anapita nalo okha ku kakhola ka kutsogolo kwa nyumba n'kunena kuti, "Ndamva kuti alendo amayamba agona kuno." Patapita miyezi iwiri thadzilo linayamba kukhalira m'bokosi osafuna kutuluka, ndipo tinaliikira mazira 10 a Mikolongwe, titawalemba chizindikiro ndi pensulo kuti asasokonezeke ndi atsopano. Pa tsiku la 21 linaswa 8. Inali Julayi, chiperoni chitaphimba phiri, ndipo usiku woyamba ndinadzuka cha m'ma 3 koloko monga mwa chizolowezi, n'kupita kukhola ndi tochi, maganizo ali pa mphika wa makala. Ndinapeza thadzi litafutukuka pakona, mapiko litatsitsa mpaka pansi, ndipo timitu tiwiri takuda tinasuzumira pakati pa nthenga zake n'kubwereranso m'kati. Ndinatsitsa bwino nsalu ya matumba mbali ya kummwera, ndinaona ngati m'chomwera muli madzi, ndipo ndinabwerera kukagona.